Timu Yatsopano pa Bwalo Lakale

Basi ya ku Joni sinyamuka anthu asanakangane za katundu. Pa Wenela mu Blantyre kondakitala ankakweza thumba lililonse pa sikelo, mwini wake n'kumalumbira kuti ndi kaufa chabe ka ana. Langa linali lotumidwa ndi mlongo wanga: mpunga wa Kilombero, nyemba, usipa wokulunga m'mapepala kuti usanunkhe, zonse za mwana wake amene amagwira ntchito ku Gqeberha, mzinda umene ambirife timautchabe Port Elizabeth. Mwezi wa ulendo anasankha ndi mnyamatayo. "Amalume, mubwere mu Januwale," anatero pa WhatsApp, "mudzaonere timu yathu." Timu yakeyo sinali ya mpira wamiyendo. Inali ya kiriketi, dzina lake Sunrisers Eastern Cape, ndipo pamene ankalemba uthengawo, chakumapeto kwa 2022, inali isanasewereko n'kamodzi komwe. Mwana wa ku Ndirande, amene anakula akuthamangira basi ya Maule, kunena kuti "yathu" pa timu yoti sinatulukepo thukuta! Zimenezo ndinafuna kukaziona ndi maso anga.

Njira ya ku Joni ambiri mukuidziwa, kaya ndi mapazi anu kaya ndi nkhani za abale. Pemphero la mlaliki basi isanatuluke mu tauni, mzere wa pa Mwanza, kenako Zobue, kenako kutentha kwa ku Tete kumene madzi a m'botolo amasanduka ofunda musanawamalize. Tinadutsa Nyamapanda, Harare tinamuona usiku, ndipo pa Beitbridge tinaima mpaka miyendo kutupa. Chokoma cha basi imeneyi n'chakuti pofika pa Zambezi mumakhala mwasanduka mudzi umodzi. Wa mazira owiritsa agawa, wa nthochi agawa, mwana wolira amayenda m'manja mwa amayi osawadziwa, ndipo pa chipata palibe amene amasiyidwa m'mbuyo anzake osafuula kwa dalaivala.

Mudziwo umathera pa Park Station. Aliyense anyamula zake, maso pansi, foni mkati mwa malaya. Ndinapatsa moni mlonda wina monga timachitira kwathu, kufunsa za m'mene wadzukira ndisanafunse njira. Anandiyang'ana mwachidule, n'kuloza ndi chibwano kumene kunali mabasi a kum'mwera. Sikuti anali wamwano. Pamalo pamene pamadutsa anthu zikwizikwi, ulemu wake ndi kusadyerana nthawi. Ndinagula pap ndi nyama ya ng'ombe pa kalesitilanti kena. Pap ndi nsima ndithu, koma youma ndi yosakanda bwino, ndipo ndiwo zamasamba amaika pang'ono ngati akuchita manyazi nazo. Mmalawi akakhala kunja amadya ndi masamu m'mutu: randi imodzi nthawi imeneyo inali pafupifupi K60 ku banki, choncho nthongo iliyonse ndinkaimeza nditaiwerengera.

Pa TV ya m'chipinda chodikirira ndi pamene ndinayamba kuona chimene chinamugwira mnyamata uja. Ankaonetsa mobwerezabwereza za SA20, ligi yatsopano imene inayamba pa 10 Januwale 2023. Matimu ake ndi asanu ndi imodzi: Joburg Super Kings, Pretoria Capitals, Durban's Super Giants, MI Cape Town, Paarl Royals ndi Sunrisers Eastern Cape. Onsewo eni ake ndi makampani a ku India amene ali kale ndi matimu mu IPL, ligi yolemera kuposa zonse pa kiriketi. Anabwera ndi mayina awo ndi mitundu ya yunifolomu zawo, n'kungosintha dzina la mzinda. Chikasu cha Chennai Super Kings chinafika ku Johannesburg, buluu wa Mumbai Indians ku Cape Town, ndipo olenji wa Sunrisers Hyderabad anapita kumene ine ndinkalowera. Woyendetsa ligiyi ndi Graeme Smith, kaputeni wakale wa timu ya dziko. Bungwe la kiriketi la South Africa linali litayesapo kawiri ligi yotere, mu 2017 pamene inalephereka isanayambe n'komwe, ndi Mzansi Super League ya 2018 ndi 2019 imene inadya ndalama m'malo mobweretsa. Ulendo uno anaitana amene ali ndi matumba akuya.

Basi ya ku Gqeberha inanyamuka madzulo, dzuwa la chilimwe lisanalowe. Munalibe mlaliki, munalibe nkhuku, aliyense pampando wa nambala yake ndi zomvera m'makutu. Koma pambali panga panakhala mayi wachikulire wachiXhosa, duku lake lomangidwa bwino, amene asanakhale n'komwe anati, "Molo, bhuti." Mtima unakhala pansi. Anafunsa kumene ndikuchokera, za mvula ya kwathu, za ana. Titadutsa minda ya chimanga ya ku Free State, minda yoti maso amatopa isanathe, anatsegula chikontena: nkhuku yowiritsa ndi buledi wophika pa nthunzi. Sanandifunse ngati ndili ndi njala. Anangonyema n'kundipatsa, ine n'kulandira ndi manja awiri, ndipo anaona zimenezo n'kugwedeza mutu.

Nditamuuza kuti ndikupita kukaonera kiriketi anaseka mpaka kugwira pachifuwa. Chinamuseketsa si masewerowo ayi, koma kuti munthu angawoloke mayiko awiri chifukwa cha iwo. Malemu amuna ake, anatero, ankasewera ku New Brighton, pa mabwalo a fumbi, atavala zoyera zimene iye ankachapa ndi kusita Lachisanu lililonse. "Anthu amaganiza kuti ndi masewero a azungu," anatero. "Kwathu kuno agogo athu ankasewera kalekale."

Bloemfontein tinamupeza pakati pa usiku. Pa siteshoni ya petulo ya ku Colesberg tinatsika kukawongola miyendo, ndipo mtengo wa khofi wa m'kapu ya pepala unandibweza ndi manja m'thumba. Kutayamba kucha tinali m'chigawo cha Karoo. Mipanda ya waya mbali zonse, nkhosa, zipupa zamphepo zopopa madzi, mapiri athyathyathya pamwamba. Munthu ayi. Kwathu msewu ndi msika, ndi bwalo la ana, ndi poyanikapo mphale. Sungayende kilomita osaona njinga ya makala. Kuno mumayenda ola lathunthu osaona ngakhale utsi wa pakhomo. Poyamba kumakongola, kenako umayamba kudzifunsa kuti eni dziko anapita kuti. Yankho lake lili m'malamulo akale a malo, kuyambira la 1913, amene anakankhira anthu akuda m'tizigawo tochepa n'kusiya zotsalazo m'mipanda. Malamulowo anafa, koma waya ulipobe.

Titadutsa Cradock, mayi uja analoza chakum'mawa n'kutchula Alice, kumene kuli sukulu ya mishoni ya Lovedale. Dzina limenelo Mmalawi wodziwa mbiri ya mpingo salimva ngati lachilendo. Ku Lovedale n'kumene kunachokera anyamata anayi achiXhosa amene mu 1876 anapita kukathandiza mishoni ya Livingstonia. Mmodzi mwa iwo, William Koyi, ankamvana chinenero ndi Angoni a M'mbelwa, ndipo anagwira ntchito pakati pawo mpaka imfa yake mu 1886. Sukulu zomwezo za mishoni, Lovedale ndi Healdtown, ndi zimene zinadzala kiriketi pakati pa anthu akuda a chigawo chino, mpaka inalowa m'midzi. Makhaya Ntini, munthu wakuda woyamba kusewerera South Africa m'masewero a Test mu 1998, anali mnyamata woweta ng'ombe ku Mdingi, m'chigawo chomwechi. Uthenga wa mpingo unayenda kuchoka kuno mpaka ku nyanja yathu, koma kiriketi inatsalira m'njira. Kwathu inakhala nthawi yaitali mkati mwa mipanda ya makalabu a azungu ndi amwenye, ife tili kunja ndi mpira wa mapepala.

Gqeberha amakulandira ndi mphepo. Imachokera kunyanja, imakuvula chipewa, imakulowetsa mchenga m'mano. Mwana wa mlongo wanga anali akudikira, wanenepako pang'ono. Anandilanda chikwama, n'kundipatsa moni wa kwathu wathunthu, kufunsa za amayi ake, za agogo, za mbuzi zimene anasiya, pamene anthu ena ankatilambalala. Amakhala ku lokeshoni ya Walmer, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo amagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina kufupi ndi gombe. M'minibasi, imene kuno amati taxi, mulibe kondakitala wolendewera pakhomo. Wokwera amapereka moni kwa onse, "Molweni," ndalama zimayenda kuchoka kumbuyo dzanja ndi dzanja, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenje, afune asafune. Chenje changa chinabwerera chokwanira, chitadutsa m'manja mwa anthu osandidziwa. Madzi anali ovuta chaka chimenecho, madamu a mzindawu ataphwa ndi chilala, ndipo zikwangwani zinali paliponse zopempha anthu kuti asawononge. Magetsi nawonso ankazima mwa ndandanda. Pa ziwirizi sindinadzimve mlendo.

Usiku umenewo, tikudya nsima yeniyeni ndi usipa uja, ndinamufunsa za timu yake. Anati kuntchito TV imakhala pa kiriketi, ndipo anzake a m'khitchini anamuphunzitsa malamulo pang'onopang'ono. Koma chimene ananena pambuyo pake ndi chimene chinandikhala. "Amalume, kuno ndikati ndimakonda Chiefs kapena Pirates, amandifunsa kuti ndinayamba liti, bambo anga ankakonda iti. Ndimakhala mlendo basi. Koma Sunrisers tonse tinayamba tsiku limodzi. Palibe amene angandiuze kuti ndabwera mochedwa." Munthu amene amayenda ndi pasipoti m'thumba tsiku lililonse, amene amachepetsa mawu m'taxi kuti kalankhulidwe kasamuulule, wapeza chinthu chimodzi mumzindawu chimene iye ndi mbadwa ali nacho mofanana.

Bwalo la St George's Park lili pamtunda, pakati pa mitengo ndi nyumba zakale. Timu ndi ya dzulodzulo, koma bwaloli ndi nkhalamba: pano ndi pamene South Africa inasewera Test yake yoyamba, ndi England, mu 1889. Tikiti ya mipando wamba inali yotsika mtengo kuposa mbale ya nkhuku ndi tchipisi ya pa msewu waukulu, ndipo pachipata ankagawa mbendera za olenji ulere. Apolisi okwera pamahatchi kapena a utsi wokhetsa misozi sindinawaone. Ndinaona mabanja: agogo, makanda, atsikana opaka utoto kumaso, azungu, akuda, amwenye, makaladi, onse pamzere umodzi wogula soseji ya boerewors yoika m'buledi ndi anyezi wokazinga. Mowa ankagulitsa poyera m'makapu apulasitiki, ndipo palibe amene anagenda mnzake nawo.

Kwa amene simunaonerepo, kiriketi ya mtundu uwu, T20, ndi yachidule. Timu iliyonse imaponyeredwa mipira 120, m'magulu a mipira 6 otchedwa ma ova. Woponya amalunjika timitengo titatu, womenya amatiteteza ndi thabwa lake n'kuyesa kuuthamangitsira mpira kutali. Ukagubuduka mpaka kumalire ndi ma rani 4, ukauluka n'kugwera kunja ndi 6, ukagwidwa m'mwamba womenyayo watuluka. Zonse zimatha m'maola atatu ndi pang'ono, pamene Test imatha kudya masiku asanu n'kutha popanda wopambana. Mpira ukangouluka kumalire, malawi a moto amatumphuka m'mbali mwa bwalo, zokuzira mawu n'kuphulika ndi amapiano. Kampani ya zobetcha imene inkathandiza ligiyi inaikanso R1 miliyoni yoti agawane oonerera amene angagwire mpira wa 6 ndi dzanja limodzi, choncho mpira ukamabwera, abambo aulemu wawo ankadumpha mipando, mowa uli kutayikira pa anzawo.

Koma mtima wa bwaloli si zokuzira mawuzo. Ndi bandi ya malipenga ndi ng'oma imene imakhala pakati pa oonerera, ndipo yakhalapo zaka zambiri timu ya olenjiyi isanalotedwe. Ikayamba, mbali yonse imaimirira, kuimba ndi kugwedezeka pamodzi, nyimbo za kutchalitchi kusakaniza ndi za pa wailesi, mawu anayi omveka bwino ngati kwaya ya Mvano pa msonkhano waukulu. Mu 2018, pa Test ya South Africa ndi Australia, oimbira masewero anadandaula kuti bandiyi ikuwalepheretsa kumva mpira ukakhudza thabwa. Bandi inanyamuka n'kutuluka, anthu n'kuyamba kuifuulira kuti ibwerere, ndipo inabwerera. Amene anagula timu ya mumzinda uno anagula mwanzeru. Osewera anawapeza pa msika, koma mawu a bwaloli anawapeza alipo kale, aulere.

Pafupi nane panakhala bambo wina wokalamba, mkaladi, atavala chipewa cha olenji chatsopano pamutu wa imvi. Anandipatsa biltong, nyama yofutsa ya mchere, asanandifunse dzina. Anakulira ku South End, anatero, dera la kufupi ndi doko kumene mitundu yonse inkakhala pamodzi boma la tsankho lisanagwetse nyumba ndi kumwaza anthu. Ali mnyamata ankaloledwa kukhala mbali imodzi yokha ya bwalo lino, ndipo kuchokera kumeneko ankachemerera timu iliyonse yobwera kudzamenya South Africa. "Uyu si kiriketi, mnzanga," anatero akuloza malawi aja. "Ili ndi phwando." Atangotero mpira unauluka, ndipo iye ndiye anayamba kuimirira.

Ndi iye amene anandifotokozera za msika wa osewera. Unachitikira ku Cape Town mu Seputembala 2022: dzina la munthu litchulidwa, eni matimu akweza timatabwa, mtengo n'kumakwera. Wodula kuposa onse anali Tristan Stubbs, mnyamata wa zaka 22 amene anaphunzira pa Grey High School mumzinda womwe uno. Sunrisers, imene mwini wake ndi Sun Group ya ku Chennai, inamugula pa R9.2 miliyoni, kuposa K500 miliyoni pa mtengo wa nthawiyo, pa ntchito ya mwezi umodzi. Sisanda Magala, woponya wobadwira konkuno, anapita pa R5.4 miliyoni, ndipo nthawi iliyonse akagwira mpira anthu ankamuitana ndi dzina ngati mwana wa pakhomo. Chimene chinkamuwawa mkuluyo chinali cha Temba Bavuma, kaputeni wa timu ya dziko pa masewero afupiafupi, munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindo umenewo, amene dzina lake linatchulidwa pamsikapo popanda wokweza thabwa. "Kaputeni wa dziko," anatero, "kubwerera ngati mbuzi yosagulidwa." Pambuyo pake Sunrisers yomweyi inamutenga kulowa m'malo mwa wosewera wina, koma chilonda chinali chitaoneka kale.

Ndili pakati pa phokosolo ndinkaganiza za kwathu. Bullets yakhalapo Bata, yakhalapo Total, yakhalapo Bakili, lero ndi FCB Nyasa. Wanderers yavalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Makampani amabwera ndi kupita, koma Maule ndi Maule, Manoma ndi Manoma, ndipo mwana amabadwa atasankhiridwa kale mbali. Kwathu anthu ndiwo amayamba, wa ndalama n'kubwera kudzapempha malo pa malaya. Kuno wa ndalama ndiye anayamba, anasankha dzina ndi mtundu ali ku Chennai, kenako n'kuyamba kufunafuna anthu. Mtima wanga umakondera njira ya kwathu, sindibisa. Komabe matimu athu a mizu yakuyawo ndi omwe osewera awo akhala akudandaula za malipiro chaka ndi chaka, pamene timu yopanda agogoyi inadzaza bwalo ndi ana pakati pa sabata.

Mtengo wake ulipo, ndipo amalipira ndi kiriketi ya dziko. Kuti osewera otchuka apezeke mu ligiyi, South Africa inasiya masewero atatu amene inkayenera kukasewera ku Australia mwezi womwewo. Chaka chotsatira, mu Febuluwale 2024, inatumiza ku New Zealand timu ya osewera osadziwika, kaputeni wake Neil Brand amene anali asanasewerepo Test, chifukwa akuluakulu onse anali otanganidwa ndi SA20. Anagonja masewero onse awiri. Sunrisers yokha zinaiyendera: motsogozedwa ndi Aiden Markram inatenga chikho choyamba pa 12 Febuluwale 2023 itagonjetsa Pretoria Capitals pa bwalo la Wanderers, n'kuchitenganso mu 2024. Ligi ikatha osewerawo amabalalika, ena ku India, ena ku England, kukavala mitundu ina, bandi n'kutsala ndi bwalo lake.

Usiku umenewo timu ya pakhomo inapambana. Mkulu uja anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikapereke moni ku Malawi, ngati kuti Malawi ndi munthu mmodzi. Kunja kwa bwalo mnyamata wanga anasintha msanga: mbendera anaipinda, foni anaibisa, Chichewa anachitsitsa mawu. Ma taxi anali atasiya kuyenda, choncho anaitanitsa galimoto pa foni. Kumbuyo kwathu magetsi a bwalo ankawalitsa mitambo, kutsogolo lokeshoni inali mumdima, nthawi yake yozimitsidwa itakwana.

Dalaivala, mnyamata wa ku Zwide, anafunsa kuti kunali chiyani ku St George's kuti magalimoto achuluke chonchi. Mwana wa mlongo wanga anamufotokozera mwamphamvu, mayina a osewera, ma rani, zonse. Dalaivalayo anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti iye matimu atsopanowa sanawazolowere, wake ndi mpira wamiyendo ndi rugby, poti Siya Kolisi ndi wa kwawo. Kenako anatiyang'ana pagalasi n'kufunsa kumene timachokera. Mnyamata wanga anazengereza. Ine ndinangoti Malawi.

"Malawi! Mhango!" anafuula, n'kumenya chiwongolero. Anali wa Pirates. Anayamba kufotokoza chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali mu 2022, dzanja limodzi likujambula m'mwamba m'mene mpira unapindira, ndipo anafuna kudziwa kwa ife, ngati kuti ndife tinasaina mapepala, chifukwa chimene Pirates inamulolera kupita ku AmaZulu. Mkanganowo unatifikitsa pachipata, ndipo anazimitsa injini kuti aumalize.